Nyumba Imene Ndinayambira Kudenga

Ana anga, ndiyambe ndi uchitsiru wanga, kuti mukamandiseka muzikhala ndi umboni. Kwa zaka zambiri ine atate wanu ndinkakhulupirira kuti munthu wosowa pogona amapezeka ku Lusaka kokha. Ndinkati kusowa nyumba ndi matenda a m'tauni, monga shuga. Kumudzi dothi n'laulere, udzu n'ngwaulere, abale ali mbwee. Munthu angagone panja bwanji, pokhapokha ataledzera? Ndinkanena zimenezi mokweza, pamaliro ndi pamowa pomwe, ndipo palibe ankanditsutsa chifukwa ndinali munthu wa boma, wovala ovolosi. Sukulu yanga inathera mu giledi faifi, koma pakamwa pokha ndinali ndi digiri.

Ku boma, ndevu zisanamere bwino

Ntchito yanga yoyamba inali yothandiza kalipentala mu ofesi yokonza nyumba za boma pa Chadiza: nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za amesenjala. Kapitawo wathu anali a Tembo, munthu wamfupi wokhala ndi pensulo kukhutu imene sindinaionepo ikulemba. Tsiku loyamba ndinkayembekeza sowo ndi hamala yatsopano. Anandipatsa chitini cha misomali yopindika ndi mwala. "Kodi boma lilibe misomali?" ndinafunsa. "Lili nayo yambiri, Layisoni," anatero, "koma yonse ili kale m'matabwa. Zula, wongola." Ndinawongola misomali mpaka zala zinachita ngati mbatata. Koma a Tembo anandiphunzitsa ntchito, Mulungu awasunge kumene ali. Chinthu chimodzi ankachibwereza mpaka chinandilowa m'mafupa: nyumba imayambira pansi. Maziko, makoma, kenako denga. "Denga ndi chipewa," ankatero. "Unamuonapo munthu akuvala chipewa asanavale buluku?" Mawu amenewa muwasunge, tikumana nawo kutsogoloku.

Ku Zingalume, zaka za ngolo

Atandikweza kukhala kalipentala weniweni ananditumiza ku Zingalume kukafolera nyumba za aphunzitsi. Kumeneko katundu ankayenda pa ngolo kapena pamutu. Simenti inkafika mvula itayamba, malata ankafika ng'ombe zikudwala, ndipo zonse zikafika pamodzi tinkadziwa kuti ndiye kuti palibe misomali. Chinthu chabwino chimene boma linandipatsa ku Zingalume ndi amayi anu, aNangozo, ngakhale iwo amati boma silinawafunse. Ndinalowa chikamwini monga mwa mwambo wathu: mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ndinamanga nyumba imene munabadwiramo inu, kuyambira ndi Tisa, ndinabzala mango, ndinakhomera alamu anga zitseko zaulere mpaka anayamba kunditcha munthu wabwino. Kwathu kumene ndinabadwira, kumene kuli ana a mlongo wanga, ndinkapitako pa maliro okha, ndipo maliro ena ndinkangotumiza mawu akuti ntchito yachuluka. Sindinkaona vuto. Ndinali ndi denga, ndinali ndi mkazi, ndinali ndi ovolosi.

Ku Zemba, nditatsala pang'ono kupuma ntchito

Chaka chimenecho tinali ndi bwana watsopano, Mayi Mulenga, ochokera kumpoto, munthu wosaseka msanga koma wachilungamo. Anatiitana natiuza kuti boma lapatula thandizo lomangira nyumba okalamba osowa pogona. Lamulo lake linali losavuta: boma libweretsa malata, matabwa, misomali, chitseko ndi kalipentala, mudzi uumba njerwa ndi kuimika makoma. Makoma akaima, denga likwera. Popanda makoma, malata abwerera ku boma kukapatsidwa ena. Ine ndinaseka. "Amayi, okalamba osowa pogona muwapeza kuti kuno? Malatawo tiyeni tingofolera mbuzi." Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A Banda, mawa mupite ku Zemba. Mukafunse a Gelesomu Mbewe."

Ndinawapeza mu shedi yogulira thonje, msika utatha. Bedi lawo linali masaka akale. Chuma chawo chinali bulangete, kapoto, ndi chikombole choumbira njerwa chodyeka m'mbali. Anali munthu wamtali wopindika msana, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. "Achikulire, kwanu n'kuti?" ndinafunsa. "Funso limenelo, a kalipentala, ndi limene landigoneka muno," anayankha.

Inu mwakhalitsa m'tauni, ndiye ndifotokoze. A Gelesomu anakwatira ali mnyamata kumudzi wa kutsidya kwa dambo, nakhala komweko moyo wawo wonse monga mkamwini. Ana sanakhale nawo. Mkazi wawo atamwalira, achibale a mkaziyo anachita mwambo wosudzula: anawathokoza powasungira mwana wawo, nawauza kuti tsopano ndi omasuka, abwerere kwawo. Anawapatsa nkhuku, anawaperekeza mwaulemu mpaka pa dambo. Nyumba inatengedwa ndi Esinati, mwana wa mng'ono wa malemuyo, amene anali ndi ana ochuluka ndi nyumba yodontha. Kwawo kwa a Gelesomu mlongo wawo anali atamwalira kale, ndipo woyang'anira banja anali Pitala, mwana wa mlongo wawoyo. Pitala anawaika m'khitchini, mawu anayamba kuchuluka, ndipo tsiku lina nkhalamba inapinda bulangete n'kupita ku shedi.

Ndinayamba ndi Esinati. Ndinamupeza akusenda nsawawa pakhonde la nyumba yomweyo. "A Banda, musatiyang'ane ngati mfiti," anatero. "Sitinawathamangitse, tinawasudzula. Tikawaumbira njerwa anthu adzati tabweza mkamwini wopanda mkazi. Adzakwatira ndani, ine?" Ndinawoloka dambo kupita kwa Pitala. Iye sanasiye n'komwe kukonza goli la ng'ombe. "Nyumba zonse zanjerwa mukuziona kutsidyako anaumba ndi amalume," anatero. "Mphamvu zawo zinathera kumeneko. Ife atibweretsera chifuwa ndi msana. Amene anadya mphamvuzo ndiwo aumbe."

Ndinati mwina tiyambe ndi malo. Amfumu a kwa Esinati ananditenga, tinayenda, tinayenda, mpaka nyumba zinatha, nandilozera chulu china pafupi ndi mjigo, kumalire kwenikweni. Mawa lake amfumu a kwa Pitala ananditenganso, tinayenda, tinayenda, tinafika pa chulu chomwecho, kungoti tinachidzera kumbuyo. Aliyense ankakankhira nkhalamba kutali ndi iye mpaka anakumana pamodzi. Anthu akale a kumeneko amati midzi iwiriyi inali isanagwirizanepo pa chilichonse.

Malo analipo, malata anali atafika kale pa ngolo, koma njerwa panalibe ngakhale imodzi. Dzuwa linali lija loswa mtengo, ndipo madzulo mitambo inkayamba kuunjikana cha ku Mozambiki. Eni shedi anali atanena kuti aikamo feteleza ndi kukiya. Uthenga unabwera kuchokera kwa Mayi Mulenga: ngati makoma kulibe, bwezani malata, kuli agogo ena amene mudzi wawo wamaliza kale makoma. Uthengawo unali wolondola, ndipo ine ndinali nditatsala pang'ono kupuma ntchito ndi dzina loyera. Ndinakhala pa mulu wa malatawo ndikuyang'ana a Gelesomu akupuntha fumbi m'bulangete. Ndinaganiza za a Tembo ndi chipewa chawo. Kenako ndinaitana anyamata a ngolo. "Tiyeni tikadule nsanamira."

Tinazika nsanamira pafupi ndi chulu, ndinakhoma mitanda, ndinakwera ndi lata loyamba. Ana anga, lata likabooledwa ndi msomali silibwereranso ku sitolo. Ndinagwira msomaliwo nthawi yaitali. A Gelesomu anali pansi atagwira makwerero. "A kalipentala, kodi kwanu nyumba mumayambira kumwamba?" "Ndi njira yatsopano ya boma, achikulire," ndinatero, n'kumenya. Pofika madzulo panali denga lonyezimira, loongoka bwino, litaima pa miyendo ngati kakowa, pansi pake pali nkhalamba ndi kapoto.

Nzeru yanga inali yakuti manyazi agwire ntchito. Aliyense wa midzi iwiriyi amatunga pa mjigo umenewo, ndiye aziona. Ndinathirako kabodza pang'ono. Kwa Esinati ndinati: makoma awiri oyang'ana kuno ndi anu, ndipo a kwa Pitala ayamba kale kuponda dothi, akuti inu manja anu ndi osendera nsawawa basi. Kwa Pitala ndinanena zomwezo motembenuza. Ndinaiwala chinthu chimodzi: akazi a midzi yonse iwiri amakumana pa mjigo m'mawa uliwonse. Bodza langa silinafike ngakhale pa nkhomaliro. Ndikudutsa ndinamva wina akufuula, "A Banda, tiuzeniko, ife tanena chiyani lero?" ndipo onse anagwa nako kuseka. Manyazi aja anabwera ndithu, koma anabwera kwa ine. Anthu ankati boma lamanga ambulera. Amuna ankabwera masana kudzasewera nsolo pamthunzi, mbuzi nazo zinaukonda.

Mayi Mulenga anafika pa galimoto osachenjeza. Anazungulira dengalo, analowa kumene kukanakhala khomo, anatulukira kumene kukanakhala khoma. "A Banda, ichi n'chiyani?" "Nyumba, amayi. Yangotsala pang'ono m'mbalimu." Sanaseke. Ananditengera pambali kuti a Gelesomu asamve. "Mukuganiza lamulo lija tinaliika chifukwa chokonda njerwa? Boma likamafolera aliyense amene abale ake apinda manja, midzi yonse ipinda manja. Denga tingapereke. Koma akadwala usiku, boma lidzabwera ndi phala? Makoma ndi umboni wakuti munthuyu ali ndi anthu." Ndinafuna kuyankha, koma digiri ya pakamwa ija inandithawa, chifukwa ankanena zoona. "Ndidzabweranso mvula yobzalira isanagwe," anatero. "Ndikadzapeza ambulera, mudzazula malatawa ndi manja anu, iwo akuona. Za mabowo mudzakafotokoza nokha kwa akuluakulu."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinapeza nzeru ina, koma amayi anu adzawerenga izi. Ine nzeru zinali zitatha. Anayamba ndi a Gelesomu eni ake. Iwo anali atamva zonse, makutu a nkhalamba ndi ogontha pa zimene asankha okha. M'mawa mwake ndinawapeza akugumula chulu ndi khasu lobwereka, chikombole chawo chili pambali. Madzi ankatunga ndi kapoto kaja. Ulendo umodzi wa ku mjigo unkangonyowetsa dothi lokwana dzanja. Ankaponda, kupuma, kuponda, kutsokomola. Ine ndinavula nsapato n'kulowa m'dothimo, ngakhale kalipentala ndi matope sagwirizana. Njerwa zoyamba zinatuluka zoongoka ngati zodula ndi mpeni. Manja anali akale koma sanaiwale.

Akazi ankadutsa ndi zidebe pamutu, maso kutsogolo. Tsiku lina Esinati anaima. Anayang'ana njerwa zija nthawi yaitali, kenako anati, "Kadzenje aka pakona, nanga si kofanana ndi ka njerwa za kunyumba kwanga?" "Chikombole n'chomwecho, mwanawe," anatero a Gelesomu. "Chinathyoka pakona chaka chimene ndinkamangira amayi ako aakulu." Esinati anatula chidebe, anakhuthulira madzi onse m'dothi, nabwerera ku mjigo. "Musandiyang'ane, a Banda," anatero podutsa. "Chinandilemera basi." Tsiku lotsatira zidebe zambiri za mudzi umenewo zinkalemera zikafika pa chulu. Akazi a kwa Pitala ataona, anati ife sitingaposedwe ndi anthu osenda nsawawa, kusonyeza kuti bodza langa lija silinafe lonse. Madzi atachuluka panafunika miyendo yoponda, ndipo amuna a nsolo aja anauzidwa ndi akazi awo kuti mthunzi wa boma si waulere. Nthawi yowotcha njerwa panalibe, tinangoziyanika padzuwa.

Makoma awiri a mbali ya Esinati anakwera, ndi lachitatu lomwe. Lachinayi, loyang'ana khomo la Pitala, anthu onse analisiya dala. Pitala anabwera mitambo itada kale, atanyamula chingwe ndi mpeni womangira. Sanapereke moni. Anaika njerwa zingapo, kenako analankhula osatembenuka.

"Amalume, amayi akudwala chaka chonse, munabwera kangati?"

"Sindinabwere."

"Dambo lomweli?"

"Ndinali mkamwini, Pitala. Munda wa eni, njinga ya eni."

"Miyendo inalinso ya eni?"

Tonse tinaima, matope ali m'manja. A Gelesomu anakhala pansi pa njerwa. "Miyendo inali yanga," anatero. "Ndinkati ndipita mawa." Pitala anapukuta nkhope ndi mkono, anatenga njerwa ina. "Patseni dothi," anauza mnyamata wake. Kenako anawonjezera, "Zenera ndiika mbali ino. Mukadwala muzikuwira kuno, osati kwa eni." Khoma lakelo linatuluka ndi mimba ngati ya munthu wokhuta mowa wa masese, chifukwa Pitala ndi mlimi, si mmisiri. Ndinafuna kumuuza agumule. Ndinayang'ana nkhope yake, ndinayang'ana mitambo, ndinati khoma labwino kwambiri.

Mayi Mulenga anabwera kamvula koyamba katawaza kale fumbi. Anazungulira nyumba, anagogoda khoma lililonse, anaima pa lamimba lija. "Ili anamanga ndani?" "Mwana wa mlongo wanga," anayankha a Gelesomu, ine ndisanatsegule pakamwa. Munali mbale ziwiri m'nyumbamo, ina yochokera kutsidya lino, ina kutsidya linalo, ndipo bwana anaziona. Potuluka anandiuza kuti, "Nyumba ndaiona, a Banda, malata akhale. Koma lamulo munaphwanya, ndipo agogo ena aja adikira chifukwa cha inu. Malata awo ndachita kupempha kwina." Chilango changa chinali chakuti sindinayendenso ndi katundu wa boma. Miyezi yanga yotsiriza ndinaithera ku boma, m'chipinda cha zipangizo, kukonza madesiki othyoka. Ndinayamba ntchito ndi kuwongola misomali, ndinaimaliza ndi kuwongola misomali. Sindidandaula. Agogo enawo ndinakawafolera ndekha Loweruka lina, ndipo anandinyoza tsiku lonse ndili padenga, monga kunali koyenera. A Gelesomu anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo, ndipo khoma lamimba lija likadalipo. Mukadzadutsa ku Zemba mudzalione.

Tsiku limene bwana anavomereza nyumbayo ndinapita kunyumba ku Zingalume ndikuyenda ngati mwini dziko. Tikudya, ndinafotokozera amayi anu zonse, ndikudziika pakati pa nkhani monga mukundidziwira. Ndinati midzi iwiri inagonja kwa Layisoni Banda wa giledi faifi. Ndinati tangoganizani, munthu wamkulu kukhala moyo wonse kwa mkazi, osapondako kwawo, ngati kuti mkaziyo anapangana ndi Mulungu kuti sadzafa. Ndinaseka ndekha. Iwo anapitiriza kudya, anasamba m'manja, anandiyang'ana mmene amayang'anira nkhuku yolowa m'nyumba.

"Atate ake Tisa," anatero, "ine sindikufuna kufa msanga, musaope. Koma mawa mugwire tambala wamkulu uja, mupope njinga, mukaone ana a mlongo wanu. Mukagone konko, muwakhomere ndi zitseko. Malata a boma sabwera kawiri, ndipo kalipentala wopusa woyambira kudenga analipo mmodzi yekha."